Boma likafuna kudzutsa aluso pambuyo pa tsoka: njira ziti zinafikadi kwa munthu?

Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, malo oonetserako zisudzo, oimbirako nyimbo ndi oonetserako zojambula ndi amene anayamba kutsekedwa, ndipo m'maiko ambiri ndi omwewonso amene anachedwa kutsegulidwa. Woimba amene anali ndi maphwando angapo m'mwezi umenewo anangolandira mafoni oti zonse zalephereka, ndipo pamodzi naye anagwa mnyamata wolumikiza zokuzira mawu, mayi wosoka zovala za ovina, wojambula zithunzi pa maukwati ndi woyendetsa galimoto yonyamula zida za bandi. Maboma ambiri anavomereza kuti anthu amenewa akufunika thandizo la ndalama, koma anasiyana kwambiri pa kaperekedwe kake. Tikaziika njirazo pamodzi, chimene chikuoneka n'chakuti kuchuluka kwa ndalama zimene nduna inalengeza sikunali kofunika kwenikweni. Chimene chinasiyanitsa ndondomeko yothandiza ndi yongotchuka m'nyuzipepala ndi mafunso awiri: boma linamudziwa bwanji munthu kuti ndi waluso, ndipo ndalamayo inadutsa m'manja angati isanamufike?

Kupereka ku mabungwe ndi malo a zisangalalo

Njira imene maboma olemera anathamangirako ndi yopulumutsa nyumba ndi mabungwe. Mu Julayi 2020 boma la Britain linalengeza thumba la mapaundi 1.57 biliyoni lotchedwa Culture Recovery Fund, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linapita ku maholo a zisudzo, nyumba zosungiramo zinthu zakale, malo oimbira ndi makampani okonza zisangalalo. Ku America aphungu anavomereza mu Disembala 2020 thandizo la malo otsekedwa, lomwe pamapeto pake linaposa madola 16 biliyoni. Maganizo ake ndi omveka: holo ikagulitsidwa n'kusanduka sitolo kapena nyumba zogona, siidzabwereranso, ndipo woimba adzasowa poimbira ngakhale mliri utatha. Komanso bungwe lili ndi mabuku a ndalama, akaunti yakubanki ndi munthu amene angafunsidwe ndalama zikasowa, zomwe zimapeputsa ntchito ya akuluakulu a boma.

Vuto n'lakuti ndalama imene yalowa m'bungwe simatsikira yokha kwa munthu amene sali pa mndandanda wa olandira malipiro pamwezi. M'zisudzo za ku Britain, anthu pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse amagwira ntchito paokha, kulembedwa pa sewero limodzi n'kusiyana nalo bungwelo seweroli likatha. Holo imene inalandira thandizo inalipira lendi, magetsi, inshulansi ndi alonda, koma popeza panalibe sewero lililonse, panalibenso chifukwa choitanira wochita zisudzo kapena wokonza magetsi a pasiteji. Njirayi imachedwanso. Ku America tsamba la pa intaneti lofunsira thandizoli linatsegulidwa pa 8 Epulo 2021 n'kusokonekera tsiku lomwelo, kotero kuti linatsegulidwanso chakumapeto kwa mweziwo, chaka chathunthu chitadutsa kuchokera pamene malowo anatsekedwa. Njira imeneyi ndi yoyenera ngati cholinga ndi kusunga nyumba, koma boma lisanamize anthu kuti potero lathandiza aluso.

Kubweza gawo la zimene munthu ankapeza

Njira yachiwiri ndi yoyang'ana m'mabuku a msonkho n'kumubwezera munthu gawo la zimene ankapeza kale. Britain inachita zimenezi kwa onse odzilemba okha ntchito, osati aluso okha: thandizo loyamba linali 80 peresenti ya phindu limene munthu ankapeza pamwezi, kwa miyezi itatu, koma osapitirira mapaundi 7,500. Amene anakwanira malamulo ake anathandizika msanga, chifukwa ofesi ya msonkho inali kale ndi mayina ndi ziwerengero zawo. Koma malamulowo anasiya kunja anthu ambiri aluso. Amene anayamba kudzigwirira ntchito chaka cha msonkho cha 2018/19 chitatha sanawerengedwe pa thandizo loyambalo, ndipo amene ankapeza zosakwana theka la ndalama zake kuchokera ku ntchito yodzilemba yekha anakanidwa. Lamulo lachiwirili linapweteka kwambiri aluso, pakuti moyo wawo ndi wophatikiza: woimba zeze wachizungu amaphunzitsa kusukulu masiku atatu, amaimba m'gulu Loweruka, ndipo nthawi zina amagwira ganyu m'malo odyera. Pa pepala la msonkho munthu wotere sali wolembedwa ntchito mokwanira, komanso sali wodzilemba yekha mokwanira.

Germany inapunthwa pa mwala wina. Thandizo lake lachangu la mu Malichi 2020 linkafika mayuro 9,000 kwa munthu wodzigwirira ntchito kapena kampani ya antchito osapitirira asanu, koma ndalama ya boma lalikululo inali yolipirira zoyendetsera bizinesi zokha, monga lendi ya ofesi ndi ngongole ya makina. Wochita zisudzo alibe ofesi, ndipo wovina chida chake ndi thupi lake lomwe. Chimene ankasowa chinali lendi ya nyumba yogona ndi chakudya, koma zimenezo malamulo sanazilole, ndipo aluso anauzidwa kuti akalembetse ku thandizo la anthu osowa ntchito. Patapita nthawi ena amene analandira ndalamazo anayamba kulandira makalata owauza kuti abweze. Boma la Germany linadzakonza zina mu 2021 pobweretsa thandizo la anthu odzigwirira ntchito amene alibe zolipira zambiri za bizinesi, ndipo thumba lake la zachikhalidwe la Neustart Kultur linakwezedwa kuchoka pa mayuro 1 biliyoni kufika pa 2 biliyoni, koma miyezi yowawa kwambiri inali itapita kale.

Ndalama yofanana kwa aliyense wokwanira

Pali njira yosavuta imene ambiri amaiderera chifukwa ndalama yake imakhala yochepa: boma kungoika mlingo umodzi n'kupereka kwa aliyense amene wasonyeza kuti amagwira ntchito zaluso. Bungwe la Arts Council England linapatula mapaundi 20 miliyoni mu Malichi 2020 kuti lipereke mpaka mapaundi 2,500 kwa munthu mmodzi, ngakhale linkafuna umboni woti munthuyo anagwirapo ntchito zothandizidwa ndi ndalama za boma, zomwe zinatsekera kunja oimba a m'mabala ndi pa maukwati. Boma la Wales nalonso linapereka mapaundi 2,500 kwa anthu odzigwirira ntchito m'gawo la zachikhalidwe.

Chitsanzo choyenera kuchiyang'anitsitsa ndi cha ku Brazil, chifukwa kumeneko aluso ambiri, monga kwathu kuno, alibe makontirakiti olembedwa kapena mapepala a msonkho. Mu Juni 2020 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina la Aldir Blanc, wopeka nyimbo amene anamwalira ndi Covid-19 mu Meyi chaka chomwecho. Lamuloli linatulutsa mareyali 3 biliyoni kuchokera ku boma lalikulu kupita ku zigawo ndi makhonsolo, ndipo mbali ina ya ndalamazo inali ya mareyali 600 pamwezi, kwa miyezi itatu, kwa munthu aliyense wogwira ntchito zachikhalidwe amene analibe ntchito yolembedwa. Umboni wake unali woti munthuyo anagwira ntchito zotere m'miyezi 24 yapitayo, ndipo lamulo linalola kuti umboniwo ukhale mapepala kapena mawu a mwiniwake olembedwa ndi kusainidwa. Apa ndiye pali nzeru. Boma likanena kuti likufuna malisiti ndi makontirakiti basi, limakhala lasankha kale kuti lithandiza aluso a m'tauni ophunzira, n'kusiya woimba ng'oma wa kumudzi amene malipiro ake onse amabwera pamanja. N'zoona kuti ena adzanama. Koma pa ndalama yochepa chonchi, kutaya pang'ono kwa onama n'kotchipa kuposa kulemba gulu la anthu ofufuza mafomu kwa miyezi isanu ndi umodzi anthu akugona ndi njala.

South Africa inatenga mbali inayo. Thumba loyamba la marandi 150 miliyoni, limene unduna wa zamasewera, zaluso ndi chikhalidwe unalengeza mu Malichi 2020, linkapereka mpaka marandi 20,000 kwa munthu, koma linkafuna umboni wa zochitika zimene zinalephereka chifukwa cha mliri. Ambiri anakanidwa chifukwa cha mapepala osakwanira, pomwe aliyense amadziwa kuti mapangano ambiri a oimba amachitika pa foni.

Mpikisano wa mapulojekiti ndi ntchito zolembedwa ndi boma

Maboma ambiri sakonda kupereka ndalama popanda choonetsa, choncho amasankha kunena kuti waluso alembe chimene akufuna kupanga, komiti iwerenge, ndipo opambana alandire. Ku Kenya, mu Epulo 2020 Pulezidenti Uhuru Kenyatta analamula kuti mashilingi 100 miliyoni aperekedwe kwa aluso, ndipo unduna unakonza kuti ndalamazo zilandiridwe posinthana ndi ntchito imene munthu wapanga. Mzinda wa New York unapatula madola 25 miliyoni mu 2021, n'kupereka madola 5,000 kwa aluso pafupifupi 3,000 kuti aliyense achite chinachake choti anthu a mumzindamo aonere kwaulere. Ubwino wa njirayi ndi wakuti waluso amalandira ngati malipiro, osati ngati chifundo, ndipo okhoma msonkho amaona chimene ndalama yawo yagula.

Maganizo amenewa ndi akale. Chuma cha America chitagwa, boma la Franklin Roosevelt linayambitsa Federal Art Project mu 1935, yomwe inalemba ntchito ojambula ndi osema zikwizikwi mpaka 1943, kuphatikizapo Jackson Pollock ndi Mark Rothko asanatchuke. Ndondomeko inzake ya olemba inajambula pa pepala nkhani za anthu oposa 2,300 amene anabadwira mu ukapolo, chuma chimene ofufuza mbiri akugwiritsabe ntchito lero. Kusiyana kwake ndi mipikisano ya masiku ano n'kwakuti anthuwo ankalandira malipiro a sabata ndi sabata kwa zaka, osati ndalama ya kamodzi. Komabe ngakhale ndondomeko zimenezo zinaonetsa choopsa cha boma kukhala bwana wa aluso: ya zisudzo inatsekedwa mu 1939 aphungu atainena kuti ikufalitsa maganizo achikomyunizimu. Amene akulipira sewero sachedwa kufuna kuwerenga mawu ake.

Pa nthawi ya ngozi, mpikisano uli ndi zilema zinanso. Umapindulira odziwa kulemba mafomu ndi kukonza bajeti, osati ovutika kwambiri, ndipo umadalira kuti ofesi yogawa ikhale yolongosoka. Zimene zinachitika ku South Africa zikukwanira kukhala chenjezo. Bungwe la National Arts Council linapatsidwa marandi 300 miliyoni a ndondomeko ya pulezidenti yobweretsa ntchito, koma linalonjeza ndalama zoposa kwambiri zimene linali nazo. Aluso amene anali atasaina kale mapangano, ena atalemba kale anzawo ntchito podalira ndalamazo, anauzidwa kuti alandira zochepa. Mu Malichi 2021 gulu lotsogozedwa ndi woimba Sibongile Mngoma linalowa m'maofesi a bungwelo ku Newtown mu Johannesburg n'kukhala momwemo usana ndi usiku kwa pafupifupi miyezi iwiri, kufuna kuti mayina a olandira ndi ndalama zawo aululidwe. Zimene ankafunazo n'zimene zikanayenera kuchitika pa tsiku loyamba, popanda wina kugona pansi mu ofesi.

Za ngongole sitichedwapo. Mu 2020 boma la Zambia, Edgar Lungu ali pulezidenti, linaika K30 miliyoni ya kumeneko yoti aluso abwereke kudzera ku Citizens Economic Empowerment Commission mogwirizana ndi National Arts Council ya dzikolo. Ngongole ingathandize mwini situdiyo kapena kampani yojambula mafilimu imene ili ndi makasitomala odziwika ndipo ikungofuna zida. Koma kubwereketsa woimba pa nthawi imene lamulo likumuletsa kusonkhanitsa anthu n'kumuonjezera katundu, chifukwa palibe amene akudziwa tsiku limene adzayambenso kupeza ndalama yobweza.

Ndondomeko zimene zinalipo tsoka lisanabwere

Dziko limene linavutika pang'ono posankha chochita ndi France, ndipo chifukwa chake sichinali kufulumira kwa nduna koma dongosolo limene linayamba mu 1936 ndi amisiri a mafilimu. Kumeneko wochita zisudzo, woimba kapena mmisiri wa pasiteji amene wagwira ntchito yolipidwa maola 507 m'miyezi 12 amakhala ndi ufulu wolandira ndalama ya inshulansi ya osowa ntchito pa masiku amene alibe chochita pakati pa kontirakiti imodzi ndi inzake. Maola amenewa amawerengedwa kuchokera pa zimene olemba ntchito amalembetsa, kotero kuti boma limadziwa dzina la munthu aliyense, ntchito yake ndi zimene amapeza. Mliri utatseka maholo, panalibe woti akwanitse maola 507, ndipo pa 6 Meyi 2020 Pulezidenti Emmanuel Macron analengeza kuti ufulu wa anthuwa utalikitsidwa mpaka kumapeto kwa Ogasiti 2021. Pambuyo pake unatalikitsidwanso mpaka kumapeto kwa Disembala chaka chomwecho, aluso atachita zionetsero zokhala m'maholo monga la Odéon ku Paris. Panalibe fomu yatsopano, komiti yatsopano kapena mpikisano. Anthu oposa 100,000 anapitiriza kulandira kudzera m'njira imene ankaidziwa kale. Chilema chake n'chakuti dongosololi limakhudza zisudzo, nyimbo, mafilimu ndi wailesi, koma silikhudza olemba mabuku, ojambula ndi osema, komanso amene anali asanakwanitse maola aja mliri usanayambe anatsala panja. Ndi lokweranso mtengo, ndipo limatheka kokha kumene ntchito zambiri zaluso zimalembetsedwa ndi kudulidwa msonkho.

Ireland inayesa kumanga chinthu chotere kuchokera pansi, ndipo mwa njira zonse zimene zatchulidwa pano, iyi ndi imene ikuyenera dzina loti yodzutsa aluso, osati kungowapulumutsa ku njala. Komiti imene boma linakhazikitsa kuti ione za kudzutsa zaluso inalangiza mu Novembala 2020 kuti aluso azilandira ndalama yokhazikika, ndipo mu 2022 nduna Catherine Martin inayambitsa ndondomeko yoyesera ya zaka zitatu. Anthu oposa 9,000 anafunsira. Boma linangoona ngati munthu ndi waluso kapena wogwira ntchito zaluso moona, osaweruza ngati ntchito yake ndi yabwino, kenako pakati pa okwanirawo linachita maere n'kusankha 2,000 oti azilandira mayuro 325 pa sabata. Ndalamayo imadulidwa msonkho ngati malipiro ena onse, ndipo wolandira saletsedwa kupeza zina. Anthu ena pafupifupi 1,000 anasankhidwa kuti asalandire koma aziyankha mafunso omwewo, n'cholinga choti pakhale poyerekezera. Malipoti a boma anasonyeza kuti olandirawo ankathera maola ambiri pa luso lawo, anachepetsa maganyu a m'ntchito zina, ankagula zipangizo zambiri, ndipo nkhawa zawo zinali zochepa poyerekeza ndi anzawo aja. Mu Okutobala 2025 boma linalengeza kuti ndondomekoyi ikhala yokhazikika.

Maere amawawa kwa amene sanasankhidwe, makamaka akaona kuti mnzawo wa luso locheperapo akulandira. Komabe amachotsa zinthu ziwiri zimene zimaononga thandizo la boma kulikonse: kukondera kwa komiti ndi kukakamiza waluso kuti akondweretse wandale. Mtengo wake suli wobisika, pakuti mayuro 325 kwa anthu 2,000 kwa masabata 52 ndi pafupifupi mayuro 34 miliyoni pa chaka, ndalama imene dziko lolemera lingakwanitse koma losauka lingaione ngati maloto.

Posankha, ndi kwa dziko lopanda chuma chambiri

Pa miyezi itatu yoyambirira ya tsoka, ndalama yofanana yoperekedwa mwachindunji kwa munthu, ndi umboni wosavuta, imaposa njira zina zonse, chifukwa chimene chikufunika pa nthawi imeneyo ndi liwiro. Ntchito zolembedwa ndi boma ndi mipikisano zili ndi malo ake pambuyo pake, anthu akayambanso kusonkhana, bola ndalama yolonjezedwa isapose imene ilipo ndipo mayina a olandira asindikizidwe. Thandizo la mabungwe lingaperekedwe, koma m'pangano mulembedwe gawo limene liyenera kupita kwa anthu odzigwirira ntchito, apo ayi silidzawafika. Ngongole zisiyidwe kwa mabizinesi amene ali ndi poyambira kubweza.

Kuno ku Malawi, boma litalengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pa ngozi n'kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100, oimba ndi azisudzo anakhudzidwa nthawi yomweyo, ndipo alendo atasiya kubwera, osema ziboliboli ndi ogulitsa zojambula m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay ndi Cape Maclear anasowa ogula. Njira ya Britain yodalira mabuku a msonkho singagwire ntchito kuno, ndipo ya France imafuna dongosolo la ntchito zolembetsedwa limene aluso athu ambiri sali m'kati mwake. Chimene tingatengeko kwa onsewa popanda kudikira chuma ndi kalembera. Bungwe la COSOMA lili kale ndi mayina a oimba, olemba ndi ena amene limawagawira ndalama za ntchito zawo, ndipo mabungwe monga Musicians Union of Malawi, Malawi Writers Union ndi National Theatre Association of Malawi ali ndi mindandanda ya mamembala. Njira yotumizira ndalama ilipo kale pa foni kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, kotero kuti palibe chifukwa choti ndalama ya woimba wa ku Chitipa idutse m'manja mwa wapampando wa bungwe ku Blantyre.

Koma mindandanda imeneyi payokha ndi yoperewera. Muli eni nyimbo ndi eni mabuku, koma mulibe woimba gitala wolembedwa pa phwando limodzi, wonyamula ndi kulumikiza masipika, wovina m'gulu la beni kapena malipenga, kapena mayi woumba mbiya zogulitsa kwa alendo. Kalembera woyenera ayenera kuchitikira ku makhonsolo pa nthawi ya mtendere, kulola munthu kunena yekha ntchito yake monga anachitira ku Brazil, ndi kuonjezapo aluso anzake awiri omuchitira umboni pamodzi ndi nambala ya chiphaso cha unzika kuti wina asalembetse kawiri. Mndandandawo uzikonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo amene wakanidwa apatsidwe chifukwa cholembedwa ndi masiku oti akadandaule kwa anthu ena, osati kwa omwe aja amene anamukana.